Chigamba pa Mapu a Mars

Lolemba, 12 Okutobala

Mpando wapita kwa Corinne.

A Pruitt, bwana wathu, alengeza pa msonkhano wa m'mawa uku akupukuta magalasi, ngati akunena kuti shuga watha. M'chipinda choyendetsera chombo muli mpando umodzi wokha wa zanyengo. Lachisanu la sabata yamawa, chombo chikamatera pa Mars, adzakhalapo ndi Dokotala Corinne Delacroix. Anthu m'manja. Inenso m'manja. Manja anga omwewa, opanda manyazi.

Zaka 19. Ndilembe kuti ndizione ndi maso. M'mawa uliwonse Nkhalamba, chombo chathu chakale chozungulira Mars, imatumiza zithunzi za dziko lonselo m'mizere khumi ndi itatu. Ine kulumikiza mizereyo kukhala mapu amodzi. Ine kuyang'ana kumene fumbi ladzuka, kumene likulowera, kumene kuli mitambo. Corinne amangotenga mapu angawo, kudyetsa kompyuta yake, kompyuta n'kulavula manambala a mphepo. Manambalawo ndiwo amauza chombo nthawi yotsegula parachuti. Wophika ndine, wopereka kutebulo ndi iye, ndipo alendo amathokoza amene amuona.

Wokhala pampandopo amavala malaya abuluu, dzina lake losokedwa pachifuwa. Akamaitana gulu ndi gulu, akafika pa ife, iye amayankha kuti, "Zanyengo zili bwino, pitirizani." Mawu anayi basi. Ndakhala ndikuwayeserera m'bafa kuyambira tsitsi langa lili lakuda.

Chifukwa chake ndikuchidziwa. Iye baji yoyera, wolembedwa mpaka kukalamba. Ine baji yachikasu, wa kontrakiti, kusainira zaka ziwiriziwiri. Kuwonjeza apo kalata yondichenjeza ya chaka chatha, nditauza mkulu wina pagulu kuti sasiyanitsa fumbi ndi dothi la pagalasi lake. Zinali zoona. Kamwa yangayi.

Ndamuuza Emmett. Mwamuna wanga ameneyu, tsiku lonse amamvetsera mawaya a mapiyano a anthu, koma mkazi wake ayi. Akuti, "Koma Corinne ndi mnzako, si zabwino zimenezo?" Ndatsekera mphika mwamphamvu mpaka mphaka wathawa.

Lachiwiri, 13 Okutobala

Atolankhani ayamba. Makamera awiri, munthu wopaka Corinne ufa kumaso. Akumutcha "mayi wolosera nyengo ya ku Mars." Kumbuyo kwake mapu anga, aakulu ngati chitseko. Dzina langa kumunsi pakona, timalemba ta nyerere, ndipo mutu wake unaliphimba.

Masana wabwera mayi wa ku ofesi yofalitsa nkhani. Akuti mapu anga ndi okongola koma mzere wakudawo ukuoneka ngati taiwala kulipira magetsi, kodi sindingauchotse? Ndamufotokozera modekha, Mulungu ndi mboni. Masiku ano Nkhalamba ikamadutsa pa Mbale, chigwa chozungulira chimene chombo chikatere, imapendekeka kuti ichijambule pafupi ndi kamera yayikulu. Ikapendekeka, kamera yanga imaphonya chigawo cha kumwera kwake. Pamene sitinaone timasiya pakuda. Pakuda ndiye kuti sitikudziwa. Iye akuti anthu a kunyumba sakonda kusadziwa.

Ndiye chigamba. Aliyense wa ntchito ino amachidziwa. Umadula mzere wa tsiku lina, n'kuumata pamene pali pakuda, n'kusalaza m'mbali. Lamulo lake ndi limodzi: mapu achigamba ndi a atolankhani okha, ali ndi foda yawo m'kompyuta. A mu foda yantchito amakhala ndi mabala awo onse. Ndinkaika kachizindikiro kofiira pakona, koma mayiyu akuti kakuipitsa chithunzi. Chabwino, ndakachotsa. Chilichonse kuti Dokotala aoneke bwino.

Amene anamuphunzitsa Corinne kusiyanitsa fumbi ndi mtambo ndine. Ku Tucson, tili ku yunivesite, chipinda chimodzi, ketulo imodzi. Fumbi ndi lachikasu ndipo limaponya mthunzi, mtambo ndi woyera mobiriwira. Ndinamuuza zimenezi akudya buledi wanga. Tsiku la mayeso a ntchito ino anabwereka jekete yanga yobiriwira. Anabwerako ndi ntchito. Jeketeyo sindinaivalenso, inkandikumbutsa mmene inamukhalira. Munthu ameneyu chilichonse chimamukhala.

Lachisanu, 16 Okutobala

Mphepo youma ija ya Santa Ana yayamba. Kutentha, milomo kung'aluka, masamba a migwalangwa ali mbwee mumsewu wonse wa kwathu ku Altadena. Mutu kuyambira m'mawa.

Koma lero Nkhalamba sinapendekeke, ndiye mapu athunthu, opanda pakuda. Kumwera kwa Mbale kuli mbee, ngakhale kafumbi. Ndipo pamwamba pa kaphiri kena, kamtambo koyera kooneka ngati bakha. Mlomo, khosi, kamchira kotukula, zonse. Ndaseka ndekha ngati wamisala. Kutali konseko, kopanda munthu, kopanda madzi, bakha akusambira. Masiku otere ndimakumbuka chifukwa chake sindinapite kukaphunzitsa.

Corinne anadutsa pakhomo. Ndinamuitana kuti adzaone. Anati "Eee, kokongola," maso ali pa foni. Sanayang'ane n'komwe. Amayankha uthenga wa anthu a pa kanema a ku New York.

Malaya ake afika. Anawapachika kuseri kwa chitseko chake, ali m'pulasitiki. Ndinapita kukabwereka sitepula yomangira mapepala imene sindimaifuna. C. DELACROIX, ulusi woyera. Ndinawakhudza. Inde ndinawakhudza, ndani andimange?

Loweruka, 17 Okutobala

Ntchito, palibe za Loweruka mpaka titere.

Ndikutuluka m'mawa, mayi woyandikana nafe akuthirira maluwa: "Wilma, mayi uja wa pa kanema wa zanyengo ya ku Mars, mumamudziwa? Wanzeru bwanji! Inu mumamuthandiza?" Ndinati eya, ndimamunyamulira chikwama. Anakhulupirira! Anati ndili ndi mwayi.

Pakuda pabwerera, malo omwewo. Mayi wofalitsa nkhani uja watumiza mauthenga atatu isanakwane 11 koloko, akufuna mapu osalala tsiku lililonse mpaka Lachisanu. Zandikwana. Ndauza kompyuta kuti izimata yokha chigamba tsiku ndi tsiku, izitenga mzere wa dzulo lija wabwinobwino. Asandivutitsenso.

Ndikuchita zimenezo, pa kanema wa pakhoma anali kuonetsa Corinne. Mtolankhani akumufunsa kuti amadziwa bwanji za fumbi. Iye akumwetulira: "Ndakhala ndikuliyang'ana dziko limeneli zaka zambiri, limafika pokhala ngati nkhope ya mnzako." Mawu angawo! Ndinawanena ndine pa phwando la Khirisimasi, iye ataledzera pang'ono. Ndinatembenukira ku makiyi a kompyuta ndi ukali. Ndinangomenya, kusunga, kutseka, n'kupita kukalira m'galimoto. Mkazi wa zaka 53, nkhomaliro yanga ya burito ili pamwendo, mamina chuchuchu.

Lamulungu, 18 Okutobala

Corinne wabwera kunyumba ndi thumba la mandimu a mumtengo mwake. Ngakhale mandimu ake ndi aakulu kuposa athu. Emmett anamukakamiza kudya nafe. Corinne anamuseketsa Emmett mpaka kutsamwa, nkhani ija ya ku Tucson ya ine kugwera m'dziwe la hotela. Nkhani yanga, wogwa ndine, koma woinena bwino ndi iye.

Tikutsuka mbale wandiuza monong'ona kuti sakugona. Akuti amasanza m'mawa uliwonse. Chombo cha zaka zisanu ndi zitatu, ntchito ya anthu zikwi, ndipo akalakwitsa mphepo chikaphwanyika pa dzina lake. "Wilma, chimene chimandilimbitsa mtima ndi choti mapu ndi ako. Sindiwayang'ananso kawiri."

Ndinamusisita pamsana. Mumtima: ndipatse mantha akowo, ndisanze ndine. Mpaka masanzi a munthu kuwasirira. Ndafika pamenepo.

Lolemba, 19 Okutobala

Mayo ine.

Msonkhano wa 4 koloko. Corinne waika pakhoma mapu a masiku atatu motsatana, Lachisanu, Loweruka, Lamulungu, kuonetsa kuti kumwera kwa Mbale kuli bata. Kumwera ndiko kumachokera fumbi nyengo ino. Akuti masiku atatu mbee, sitinaonepo mwayi wotere. A Pruitt kugwedeza mutu mokondwa.

Ine ndinaona bakha.

Lachisanu bakha. Loweruka bakha. Lamulungu bakha yemweyo, kamchira kotukula komweko, sanasunthe ngakhale nthenga. Mtambo sugona malo amodzi masiku atatu osasintha maonekedwe. Ndi chigamba changa. Loweruka lija, ndi ukali wanga, ndinalozera kompyuta ku foda yantchito m'malo mwa ya atolankhani. Kachizindikiro kofiira ndinachotsa ndekha. Ndiye kuti chiyambire Loweruka palibe munthu padziko lino amene waona kumwera kwa Mbale. Tonse tikuyang'ana Lachisanu lapitali n'kumati kunja kuli bwino.

M'chipindamo anthu makumi atatu, madigiri osawerengeka. Palibe anaona. Amayang'ana manambala, wa zithunzi ndine.

A Pruitt anafunsa ngati pali wina ali ndi mawu. Anandiyang'ana. Ndinati palibe.

Ndinati palibe.

Ndabwerera ku ofesi, ndatseka chitseko, ndatsegula mizere yeniyeni. Pakuda pali pomwepo, potakata kuposa kale. M'mphepete mwake, mu mzere wa dzulo, kachikasu pang'ono. Mwina fumbi. Mwina kuwala chabe, m'mphepete mumanama. Sindingadziwe popanda kuona pakati. Kuti tione pakati, Nkhalamba iyenera kuuzidwa kuti isapendekeke Lachitatu. Wolamula zimenezo ndi a Pruitt okha, pempho lifike mawa isanakwane 5 koloko, ndipo adzafunsa chifukwa. Kukonza mwakachetechete sikungathandize. Manambala omaliza apita ku chombo Lachinayi masana.

Ndikanena, ntchito yatha. Baji yachikasu, kalata ija ili kale m'faelo, ndiye ichi. Sadzachita kuganiza kawiri.

Ndipo pali china, ndilembe poti buku ili silipita kukhoti. Lamulo limati wosainira ulosi aziona yekha mizere yeniyeni asanasaine. Wosaina ndi Corinne. Sanaone. Zikavuta, dzina lili papepala ndi lake. Ndinakhala pampando mphindi mwina khumi ndikulawa ganizo limeneli ngati siwiti. Nkhope yake pa kanema, ufa utachoka. Ndinamva kukoma. Mulungu andikhululukire, ndinamva kukoma.

Sindinadye. Emmett akuti ndikuoneka ngati ndameza ndimu ya Corinne yathunthu.

Lachiwiri, 20 Okutobala

M'mawa wonse kudzinyengerera. Mwina kulibe fumbi. Kawirikawiri kumakhala kulibe. Chombo anachipanga cholimba, chimapirira zambiri. Chitera, anthu akumbatirana, bakha adzaiwalika.

Nthawi ya nkhomaliro ndinakhala moyang'anana ndi bambo wina wa gulu la parachuti, sindidziwa ndi dzina lomwe. Amaonetsa anzake chithunzi cha mwana wake. Akuti anayamba kusoka parachutiyo mkazi wake ali ndi pakati, pano mwanayo ali giredi 2. Ndinasiya sangweji yanga patebulo.

2 koloko ndinamukokera Corinne panja, pansi pa mtengo uja pamene agwape amadya udzu. Ndinamuonetsa mapu atatu pa foni. Ndinati yang'ana bakha. Anayang'ana nthawi yaitali, koyamba chaka chino kuyang'ana chithunzi changa.

Anatukwana mawu amene sindingalembe. Kenako: "Unadziwa liti?" Ndinati dzulo pa msonkhano. Anandiyang'ana. Sanafunse chifukwa chimene ndinakhalira chete usiku wonse ndi m'mawa wonse. Bola akanafunsa.

Ndinati ndikupita kwa a Pruitt. Anandigwira mkono. "Iwe akuchotsa lero lomwe. Ine sangandichotse, angondikalipira. Usatsegule kamwa yakoyo, wamva? Kamodzi kokha m'moyo wako."

Ine sangandichotse. Ngakhale pondipulumutsa ayenera kundikumbutsa.

4 koloko Corinne anaimirira pamaso pa onse, manja m'matumba. Anati walakwitsa. Anati anatenga yekha mapu a atolankhani poganiza kuti ndi antchito, masiku atatu, ndipo sanaone mizere yeniyeni monga lamulo linenera. Anati kumwera sitikukudziwa, akupempha Nkhalamba iyang'ane mawa. Dzina langa sanalitchule. A Pruitt anavula magalasi, n'kutenga foni pomwepo. Pempho linapita 4:40.

Ine ndinali pampando wachitatu kuchokera kukhomo, ndikuyang'ana nsapato zanga.

Lachitatu, 21 Okutobala

Ndimayembekeza kuti anthu amuthawa Corinne. Kaya ndimafuna, kaya ndimaopa.

Aaa, ndani! Patebulo pake maluwa. Wina wamusiyira chokoleti. M'khonde anthu akumugwira paphewa. Ndamva ndi makutu anga bambo wa parachuti uja akuuza mnzake kuti, "Mayi amene uja ndi munthu. Ambiri akanabisa." Mnzakeyo akuti adzauza ana ake za iyeyu. Mtsikana wa kukantini sanamulipiritse khofi.

Wina wandiimitsa pakhomo: "Wilma, uli ndi mwayi kugwira ntchito ndi munthu woona mtima chonchi." Ndinati kwambiri.

Ndiye taonani. Mapu anga anatenga. Mawu anga a pa Khirisimasi anatenga. Jekete, mpando, kuseka kwa mwamuna wanga. Chinatsala n'chiyani? Cholakwa changa. Chinthu chimodzi chimene ndinapanga ndekha ndi manja anga, popanda wondithandiza. Nachonso watenga, wavala, ndipo chamukhala. Ine ndikanachivala bwenzi ndili panja ndi katoni ya katundu. Iye wachivala akumupatsa maluwa.

Ndikudziwa mmene zikumvekera. Munthu wandiombola ndipo ndikumuchitira kaduka. Ndikudziwa. Ndiye nditani, mtima ndiuchotse?

Nkhalamba yadutsa pa Mbale osapendekeka. Zithunzi zifika mawa m'mawa.

Lachinayi, 22 Okutobala

6:15 m'mawa, ndinali ndekha pamene mzere unatsika. Pang'onopang'ono, kuchokera kumwera.

Lilipo. Fumbi lachikasu, mthunzi wake wakuda bii m'mbali, kukula kwake kuposa California. Linadzukira pansi pa chigamba changa, mwina Lamulungu, n'kumakula ife tikusirira bakha. Likukwera kumpoto. Pa Mbale penipeni silifika pofika mawa, koma la m'mwamba lafika kale, mpweya watentha, mphepo yasintha. Ndinakhala pansi, pa kapeti, n'kumuimbira Corinne.

Tagwira limodzi maola asanu, ine kuyeza, iye kuwerengera, ngati ku Tucson. Osakangana ngakhale kamodzi. Ndinaiwala kumuda. Manambala atsopano apita 11:50. A parachuti akuti ndi akale aja mwina chikanatera, mwina ayi. "Mwina ayi" ameneyo ndimusenza mpaka kumanda.

3 koloko a Pruitt andiitana. Ndinati basi, adziwa. Ndinachita kutsanzika ofesi yanga ndi maso.

Patebulo pawo malaya abuluu. Akuti akuluakulu a kumtunda akana. Munthu amene wavomera kulakwa kotere, komiti isanakhale, sangakhale mawu a zanyengo dziko lonse likumvera. Iwo anamumenyera nkhondo Corinne koma alephera. Komiti ikhala Lolemba, ndipo pa chombo chotsatira mwina sadzatsogoleranso zanyengo. "Ndiye mpando ndi wanu, Wilma. Fumbili mwalipeza ndinu. Ndikanayenera kukuganizirani kale."

Nthawi yosoka malaya ena palibe. Atenga a Corinne omwewo, wina wasokerera kansalu pamwamba pa dzina lake. W. OSTRANDER. Ukapapasa ndi chala, malemba a pansi akumveka.

Ndinati zikomo. Ndinatuluka nawo m'manja. Walira mvula walira matope.

Uthenga wa Corinne ndisanafike ndi ku galimoto komwe: "Vala. Usachite zopusa. Unayenera kukhalapo ndiwe kuyambira kale." Ndinafuna kuponya foni pakhoma. Ndiye akundipatsa? Ngati jekete yakale imene yamuchepera? Zaka zonse zotsala ndizidzamuona m'khonde n'kumaweramitsa mutu, iye woyera mtima, ine wodyetsedwa?

Kunyumba ndawayesa. Akundithina m'khwapa, m'chiuno akulendewera. Ndinaima pagalasi la m'bafa, malo anga a zaka 19. "Zanyengo zili..."

Ndamuuza Emmett zonse, ndi za siwiti zomwe. Anamvetsera mpaka kumapeto, mutu atapendeketsa ngati akumvera waya. Sanandikalipire, sananditonthoze. Anangoti, "Ndiye uwavala?" N'kupita kukadyetsa mphaka.

Lachisanu, 23 Okutobala, 6:30 m'mawa, m'galimoto

Poimika magalimoto padzaza kale. Matenti a atolankhani. Mphepo yaleka, phiri likuoneka bwinobwino. Chombo chitera 1 koloko.

Pamwendo malaya. M'thumba kasizasi ka Emmett kodulira nsalu za m'piyano. Pampando wa pambali pepala limene ndasindikiza, kaundula wa kompyuta: Loweruka, 2:14 masana, wosintha foda, wostrander, dzina langa la m'kompyuta. Palibe anaganiza zokayang'ana poti wolakwa anadzipereka yekha.

Nditha kungolowa. Kukhala pampando, kudya mtedza wamwayi umene amagawa m'chipindamo, kunena mawu anga anayi. Amayi anga ku Fresno auza nyumba yonse ya okalamba kuti aonere. Mayi wa maluwa uja akanadziwa amene amanyamulira mnzake chikwama.

Ndasomola ulusi woyamba. Wosoka analimbitsa, ntchito yabwino, koma chigamba ndi chigamba.

Ndisadzinamize kuti ndasanduka woyera. Ndafufuza mumtima usiku wonse ndipo sindikudziwa ngati chikundituma ndi chilungamo kapena nsanje yomwe ija. Mwina ndikungokana kuti akhale wabwino kundiposa. Kaya. Zonse ziwiri zikuloza chitseko chimodzi.

Dzina la Corinne layamba kuoneka pansi. D watuluka. E. L.

Galimoto ya a Pruitt iyo.

Tsiku lomwelo, madzulo

Chatera.

A Pruitt anawerenga pepala lija kawiri ataimirira. Anaitanitsa Corinne. Sindinawamvepo akukuwa chiyambire, lero ndawamva. Akuti pa tsiku ngati lino ayenera kusankha pakati pa wabodza ndi wosoka zigamba amene anakhala chete tsiku lathunthu, akuti tonse ndife amisala, akuti Lolemba tikaonana. Anaimba foni kumtunda, chitseko chotseka. Atatuluka anamuponyera Corinne malaya osamuyang'ana.

M'khonde Corinne anandikankhira kukhoma, misozi ili m'maso. "Chitsiru iwe! Ndinakukonzera zonse!" Ndinati cholakwacho ndi changa, kapeze chako. Anaseka kuseka koipa kwa mamina, n'kuthamanga poti amamuitana.

Ine ndinaonera mu holo, pamodzi ndi mabanja ndi ana a anthu. Emmett anabwera ndi mtedza wa m'sitolo. Uthenga wochokera ku Mars umatenga mphindi khumi ndi imodzi, ndiye pamene tinkamva kuti chalowa mumpweya chinali chitatera kale kapena chitaphwanyika kale. Ndinamufinya dzanja mpaka anati mkazi iwe, zala zimenezi ndi zantchito. Parachuti inatseguka pa manambala atsopano. Holo yonse kukuwa. Ine ndinangoti bakha iwe, bakha iwe, anthu kumandiyang'ana.

Baji yanga akuti igwira ntchito mpaka Lolemba 9 koloko. Ndatenga kale kapu yanga ndi chithunzi cha amayi, kuti ndisadzanyamule katoni anthu akuona.

Chombo chisanayambe kutsika anaitana magulu. Kamera inabwera pa Corinne. "Zanyengo zili bwino, pitirizani." Mawu osanjenjemera ngakhale pang'ono. Pachifuwa, kuzungulira dzina lake, timabowo ta singano, mzere wonse. Dziko lonse linaonera, woona timabowoto ndine ndekha.

M'khwapa sakumuthina. Amukhala bwino, mfiti ameneyu.